Ziguduli pa Sola ya Khirisimasi

1. Jenereta ya chaka chatha

Pa Ngara palibe amene anaiwala zimene jenereta inachita pa Khirisimasi ya chaka chatha. Ana a Sande Sukulu anali pakati pa sewero la kubadwa kwa Yesu. Mngelo, atafunda nsalu yoyera ya patebulo, anali atangokweza manja kuti auze abusa a nkhosa uthenga wabwino. Pomwepo jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Nkhosa zinalira n'kuthamangira kwa amayi awo, ndipo mngelo anaponda Yosefe phazi.

Ngakhale isanazime, jeneretayo inali itasautsa kale. Phokoso lake linkameza mawu a ana, utsi wake n'kumalowa pa mawindo kudzatsokomoletsa kwaya. Anthu anabwerera kwawo akuunika ndi mafoni, ena akuseka, ena akung'ung'udza.

N'chifukwa chake chaka chino Ipyana Mwakanema, mtsikana wa Fomu 3, anaimirira pamsonkhano wa mpingo n'kunena kuti iye akhoza kuwalitsa tchalitchi ndi dzuwa. Anafotokoza zimene anaphunzira ku kalabu ya sayansi: sola imatola mphamvu ya dzuwa masana n'kuisunga m'batire, ndipo mababu a LED amadya magetsi ochepa kwambiri.

"Timababu mazana atatu tamitundumitundu, kuphatikizapo mababu anayi owalitsa m'kati, zonsezo pamodzi sizidya ngati babu limodzi lakale lija," anatero Ipyana. "Batire likadya dzuwa tsiku limodzi, tiimba mpaka nyimbo yomaliza."

Amuna ena anaseka. Wina anafunsa ngati dzuwalo lavomera kale kugwira ovataimu. Koma mayi ake a Ipyana, a Nyamhango, amene ankatsogolera amayi a mpingo, anadzuka n'kumangitsa chitenje.

"Mwana uyu ndikumudziwa. Wailesi yathu anaidzutsa ndi iyeyu itafa miyezi itatu. Ife amayi tigula sola ndi batire. Inu muzisekabe, kuseka n'kwaulere."

Ndipo anaguladi. Amayiwo anatapako mpunga m'matumba mwawo n'kuugulitsa. Ipyana ndi mayi ake anakwera minibasi kupita ku Uliwa, kusitolo ya a Abdul, n'kubwerako ndi sola, batire, kabokosi koyang'anira magetsi olowa ndi otuluka, komanso zingwe za timababu zochokera ku Tanzania. Masiku awiri athunthu Ipyana anali pa makwerero. Anazunguliza zingwezo m'mphepete mwa denga, m'mawindo, ndi pa nyenyezi ya nsungwi imene anaipachika pamwamba pa khomo.

2. Magetsi a mphindi makumi anayi

Sola sanaikhomere padenga poopa akuba. Anaiika kuseri kwa tchalitchi pa kathandala kofanana ndi koyanikapo usipa, kuti madzulo aziilowetsa m'nyumba. Ntchito yoitulutsa ndi kuilowetsa inagwera a Zebedee, msungi wa makiyi.

A Zebedee anali msodzi wakale amene mawondo anamutulutsa m'nyanja. Anasunga makiyi a tchalitchicho zaka makumi atatu osataya ngakhale msomali. Ndiwo ankaliza belu, ndiwonso ankaika manambala a nyimbo pa bolodi Lamulungu lililonse. Pa nkhani yosamala katundu ankachita kunyanya. Buku la nyimbo likang'ambika tsamba, iwo ndiwo ankaoneka odwala.

M'mawa uliwonse Ipyana ankafika kudzaona ngati sola yaikidwa bwino. Akakhutira, ankapita ndi mayi ake kumtunda kukapalira chinangwa, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Pa 21 Disembala, dzuwa litangolowa, anayesa magetsi koyamba. Atakhudza swichi, tchalitchi chonse chinati ngwee, zofiira, zobiriwira, zachikasu. Ana a kwaya analumphalumpha. Ipyana anamva mtima wake ukufufuma ndi chimwemwe. Koma patapita mphindi makumi anayi zokha, kabokosi kaja kanalira kamodzi, ndipo zonse zinazima.

"Mwina batire linabwera losadzaza," anadzilimbitsa mtima.

Mawa lake dzuwa linaswa mtengo tsiku lonse, dzuwa la ku Karonga lija losanyengerera munthu. Madzulo anayesanso. Ulendo uno magetsi sanakwanitse n'komwe theka la ola.

Ipyana anafufuza chingwe chilichonse. Anamasula mawaya n'kuwamanganso. Panalibe cholakwika. Koma pa kabokosi, pamene pamayenera kuoneka timizere tinayi ngati ta batire la foni, panali kamzere kamodzi kokha, nakonso kakuphethira.

Pofika nthawi imeneyo pakamwa pa anthu panali patatseguka. Ena ankati mababu a ku Tanzania ndi abodza. Ena ankati za magetsi ndi za amuna. Amene anafunsa za ovataimu uja ankayenda modzitukumula ngati mneneri.

3. Chenjezo la a Chawanangwa

Anthu akumwazikana, a Chawanangwa, wapampando wa akulu a mpingo, anamuitana pakhonde. Ipyana anagwada chapatali.

"Sendera, mwana wane, umve bwino," anayamba motero. "Ine sindidana ndi sayansi yako, yayi. Ana anga awiri ndi aphunzitsi. Koma mpingo si malo oyeserera zinthu. Chaka chatha anatiseka mpaka Pasaka. Ukafika pamsika ku Uliwa ankafunsa kuti, 'Kodi mngelo wanu uja anaipeza njira?' Chaka chino taitana alendo a midzi itatu. Ukufuna akatinene chiyani?

"Iwe unaima pamaso pa anthu n'kulonjeza. Lonjezo la pagulu ndi katundu wolemera, ndipo amene wamusenza si iwe. Amusenza amama ako. Ndiwo anauza amayi anzawo kuti atape mpunga m'matumba ana ali pompo akuyang'ana. Ukalephera iwe, anthu angoti ndi mwana. Koma iwo adzatchedwa mayi wonamiza anzake, ndipo dzina lotere silichoka ndi sopo.

"Tsono mawa folo koloko akulu tikumana. Ukabwera ndi chifukwa chomveka komanso njira yokonzera, tikumvera. Ukabwera ndi 'sindikudziwa', timasula zingwe zako zonse, sola tibweza ku Uliwa, tikabwereka jenereta. Wamva?"

"Enya, adada, ndamva."

Ipyana anachita manyazi, ndipo anachita mantha. Panjira yopita kunyumba mayi ake sanamukalipire. Ankangoyenda patsogolo choweramitsa mutu, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa ndodo.

4. Chithunzi cha Sheila

Pa 23 Disembala, dzuwa lili pamutu, Ipyana anali kumunda akupalira, koma maganizo ali pa mawaya. Anangoona njinga ikukwera mtunda mothamanga. Anali Sheila, mnzake wa m'kalasi komanso wa m'kwaya, thukuta lili kamukamu.

"Siya khasulo, taona izi," anatero Sheila akumupatsa foni. "Ndimadutsa kuseri kwa tchalitchi pochokera kuchigayo. Mfiti yako ndi imeneyi."

Pa chithunzicho panali kathandala kaja. Sola sinkaoneka. Inali itafunditsidwa ziguduli ziwiri zonyowa, pamwamba pake atasanjikapo makhwatha a mgwalangwa. Pambali panaima a Zebedee ndi ndowa, akuwaza madzi.

Masiku awiri osagona, kusekedwa pamsewu, mayi ake kuyenda choweramitsa mutu, zonsezo chifukwa cha ziguduli. Ipyana anapsa mtima kwambiri.

"Nditumize pa gulupu ya mpingo pompano," anatero Sheila. "Ndilembe kuti, 'Onani amene akuzimitsa Khirisimasi.' Pofika folo koloko aliyense akhala ataona. Iwe sukalankhula n'komwe."

Chala cha Ipyana chinali kale pamwamba pa foniyo. Mayi ake, amene anasuzumira ali kumbuyo kwake, anaika khasu pansi.

"Ipyana, usanakhudze chinthucho, tandimvera. Dzina lako liyera lero lomwe ukatumiza, langanso liyera. Sindikubisira, ndikuzifuna chomene zimenezo. Koma uganize za mkulu uja. Akazi awo anamwalira, ana ali kutali, nyanja inawakana. Chimene chinawatsalira ndi makiyi aja. Chithunzichi chikalowa m'mafoni, dzuwa lisanalowe chikhala chili kumalire ku Songwe, ndipo anyamata achiikira nyimbo. Madzi akatayika saoleka. Adzaima bwanji kutsogolo kuika manambala a nyimbo, ana akugwirana pakamwa?

"Sindikukuletsa. Ntchito ndi yako, wonyozedwa ndiwe. Koma sukulu imene tikukutumizayi ikuphunzitsenso kufunsa kuti 'mwachitiranji' usanakuwe kuti 'mwalakwa'. Munthu wofuna kuononga chinthu sachithirira madzi masana ngati mbewu ya panazale."

Ipyana anayang'ananso chithunzicho. Zinalidi choncho. A Zebedee sankaoneka ngati munthu wobisala. Ankaoneka ngati munthu amene ali pa ntchito.

Anabweza foni kwa mwini wake.

"Usatumize. Fufuta."

"Wapenga? Umboni wako ndi umenewu," anatero Sheila. "Nanga akakakana? Wamkulu sauzidwa, iwenso ukudziwa. Akulu aja amvera mawu ako kapena awo?"

"Akakana, ndikaima ndekha folo koloko. Fufuta ndikuona, undibwereke njinga."

Sheila anapukusa mutu, koma anafufuta.

5. Manambala a pa kabokosi

Ipyana anawapeza a Zebedee akadali pomwepo, akukonza khwatha limene mphepo inalisuntha. Anaimika njinga n'kugwada.

"Monire, asekuru."

"Yewo, msungwana. Lero wabwera msanga. Wandipezerera ndikusamala katundu wako."

"Ndaona. Kodi ziguduli izi n'zachiyani?"

Mkuluyo anamwetulira monyadira.

"Tsiku loyamba ndinaikhudza cha m'ma eyiti koloko, inandiotcha dzanja. Ndinati ee, katundu wa amayi uyu asweka ine ndikuona. Iwe sunakhale kudoko, sungadziwe. Bwato ukalisiya pamtunda padzuwa la Disembala, limang'aluka. Timalifunditsa makhwatha ndi ziguduli, n'kumalithira madzi. Zaka makumi anayi ndasunga mabwato, palibe linang'alukapo m'manja mwanga. Nanga galasi, lofewa chonchi? Ndiye ndimaifunditsa dzuwa likakula, ndimaivundukula folo koloko kukayamba kuzizira. Ndowa zisanu patsiku, ndi mawondo angawa."

Mkwiyo wonse wa Ipyana unaphwa. M'malo mwake anamva chisoni, ndipo pang'ono n'kuseka. Ndowa zisanu patsiku.

"Mwavutika, asekuru. Tsono ndikupempheni thandizo. Maso anu anazolowera manambala. Mulowe muime pa kabokosi kaja pawindo. Nambala ya kumanjayo imasonyeza magetsi amene akulowa m'batire. Muzindiwerengera."

A Zebedee analowa, navala magalasi awo omangidwa ndi ulusi.

"Ziro," anatero.

Ipyana anachotsa makhwatha ndi chiguduli chimodzi, theka la sola n'kuonekera.

"Nanga pano?"

"Ziro ndi kakanthu pang'ono."

Anachotsa chiguduli chachiwiri. Dzuwa linagwera pa galasi lonse.

Kenako mawu anamveka otsika.

"Faifi. Tabwezerapo."

Ipyana anabwezerapo. Ziro. Anachotsanso. Faifi. A Zebedee anatuluka n'kumuuza kuti tsopano akawerenge ndi iye. Anafunditsa okha ndi kuvundukula okha katatu konse, Ipyana akutchula manambala pawindo. Atatha anakhala pansi pa sitepe, chiguduli chili m'manja, madzi akudontha pa mapazi awo.

"Ndiye kuti ndine," anatero. "Ndakhala ndikutseka mwana pakamwa, kenako n'kumadabwa nawo kuti sakunenepa."

Ipyana anakhala pansi chapafupi.

"Simunalakwe zonse, asekuru. Kutentha kukanyanya, sola imaperekadi magetsi ocheperako. Koma mankhwala ake si kuifunditsa. Tiikweze pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi. Galasi lake anapangira dzuwa lomweli, silisweka. Limene limaopa kutentha ndi batire, limenelo ndiye lizikhala pamthunzi. Ndipo nsalu yonyowa ikufunika m'mawa, yopukutira fumbi."

"Akudziwa ndani wina?"

"Amama ndi Sheila. Sheila anajambula chithunzi, koma tafufuta. Kumsonkhano ndikangonena kuti sola inali pamthunzi ndipo takonza. Si bodza."

A Zebedee anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kandibweretsere njerwa zinayi," anatero. "Ukatero upite ukasambe. Sungaime pamaso pa akulu ndi matope a kumunda."

6. Folo koloko

Akulu asanu ndi mmodzi anakhala pa mabenchi a kutsogolo. Amayi angapo, pamodzi ndi a Nyamhango, anakhala kumbuyo. A Zebedee anali pa mpando wawo wa nthawi zonse pafupi ndi khomo.

Ipyana anafotokoza kuti vuto lapezeka: sola sinkalandira dzuwa la masana chifukwa inali pamthunzi. Anawaonetsa kabokosi. Maola atatu okha, timizere tinali titafika kale pa tiwiri.

A Chawanangwa sanali munthu wopusitsika.

"Mthunzi wanji? Kuseri kuja kulibe mtengo. Kapena unaiika pafupi ndi khoma? Ngati wophunzira sayansi sadziwa kumene mthunzi umagwera, tikhulupirira bwanji kuti mawa sipatuluka china? Yankha, walakwitsa ndiwe?"

Ipyana anayang'ana pansi. Akanati ayi, akanafunsidwa kuti nanga ndani. Akanati inde, ntchito ikanamuchoka.

Pamenepo makiyi analira kukhomo. A Zebedee anali ataimirira.

"Wapampando, musamuvutitse mwanayo. Mthunziwo ndine."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, n'kufotokoza zonse: dzanja lopsa, ziguduli, makhwatha, ndowa zisanu. Sanabise kanthu.

"Ndinaona chinthu chachilendo, ndinachisamala ngati bwato. Mwini ntchito ankabwera m'mawa uliwonse, koma ine sindinamufunse, poti ndinkati mwana angandiuze chiyani za dzuwa, ine amene dzuwa landiwamba zaka makumi asanu ndi awiri. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya ndi njuchi zomwe.

"Koma mumve ichi, makamaka inu amene mwakhala mukumuseka. Mwana uyu anali ndi chithunzi changa m'manja. Akanachitumiza, lero bwenzi ine ndili nyimbo ya anyamata a kabaza. Anachifufuta. Anabwera kwa ine, anagwada, anandiimika pa manambala kuti ndione ndekha. Ndipo pano mwamuona, anali pafupi kusenza mlandu wanga. Ine ndaona amuna ambiri odziwa ntchito. Odziwa ntchito n'kudziwanso ulemu, sindinawaone ambiri. Mukamulanda ntchitoyi, mwalanga wosalakwa. Wolakwa ndi uyu."

Anaika makiyi patebulo n'kuimirira pambali.

Kenako mkulu wina, a Keith Mwalughali, anatsokomola n'kukanda m'mutu.

"Wapampando, ndifunse nawo. Ndiye kuti kuifunditsa chitenje masana n'kosayenera? Chifukwa kasola kanga ka kunyumba kaja, miyezi inayi tsopano ndikutukwana amene anandigulitsa."

Kuseka kunayambira kwa amayi kumbuyo, kunafalikira mabenchi onse. A Zebedee nawonso anaseka mpaka kuvula magalasi. A Chawanangwa anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anakankhira makiyi aja kwa mwini wake.

"Tengani katundu wanu, adada. Tikachotsa aliyense wofunditsa sola, komiti ino itha. Ipyana, jenereta sitibwereka. Mawa tonse tili m'manja mwako."

7. Madzulo a pa 24 Disembala

M'mawa kunacha ndi mitambo. Cha m'ma naini koloko kunawaza mvula. Ipyana atathamangira kutchalitchi anapeza nambala ya kumanja ili pa wani, timizere tikadali tiwiri.

A Zebedee anali atakhala kale pa kampando pafupi ndi kathandala, nsalu youma ili paphewa.

"Usaope," anatero. "Mitambo iyi ndi yodutsa, isanakwane leveni ikhala itapita kumapiri. Za mawaya ndi zako, za kumwamba undisiyire."

Ndipo inapitadi. Tsiku lonselo mkuluyo sanachoke pamalopo. Ankapukuta galasi, ankathamangitsa nkhuku, ndipo dzuwa likasuntha ankapendeketsa sola kuti iliyang'ane. Mwana aliyense amene mthunzi wake unayandikira ankamva mawu ake. Pofika thuu koloko timizere tinali titatu. Faifi koloko isanakwane, a Zebedee anatulutsa mutu pawindo n'kukweza zala zinayi.

Dzuwa litangobisala kuseri kwa mapiri, tchalitchi chinali chitadzaza, alendo ena ataima m'mawindo. A Chawanangwa anaitana Ipyana kutsogolo. Iye anapita nakhudza swichi.

Denga lonse linayaka timababu tofiira, tobiriwira ndi tachikasu. Nyenyezi ya nsungwi inawala pamwamba pa khomo mpaka oyenda pamsewu anaima. Panalibe phokoso, panalibe utsi. Mwana wamng'ono kwambiri wa m'sewero atalankhula, mawu ake anamveka mpaka benchi lomaliza.

Koma anthu a pa Ngara sakhulupirira msanga. Patapita theka la ola, ambiri anayamba kusuzumira nthawi pa mafoni. Mphindi makumi anayi zitakwana, amene anafunsa za ovataimu uja anayang'ana kudenga akudikira. Anadikira mpaka khosi linamuwawa. Ola linatha. Sewero linatha. Makwaya a alendo anaimba onse atatu, ena mpaka kubwereza. Ulaliki nawo sunafupike.

Nyimbo yomaliza itatha, Ipyana anasuzumira pa kabokosi. Timizere tinali titatu.

"Tatsala ndi zingati?" anafunsa a Chawanangwa mokweza.

"Tikhoza kuyambiranso pulogalamu yonse, adada."

Nthungululu zinang'amba tchalitchi. Amayi anazungulira a Nyamhango n'kuwavinitsa, ena akuwakupiza ndi zitenje. A Nyamhango ankaseka misozi ili mbwembwembwe. Ipyana sanaonepo mayi ake atasangalala chotero, ndipo iye mwini anasangalala kwambiri. Sheila anamukumbatira n'kumunong'oneza kuti chithunzi cha lero chokha ndiye atumiza, afune asafune.

A Chawanangwa anakweza dzanja.

"Ndinamuchenjeza mwana uyu pakhonde paja. Lero ndikumuthokoza pamaso pa nonse. Kuyambira lero, nkhani ya magetsi pa mpingo uno muzifunsa mmisiri wathu, fundi Mwakanema."

8. Pempho la kudoko

Anthu akutuluka, Ipyana anali pakhomo akulongedza pulayala ndi zotsalira za mawaya m'kachikwama kake. Patsogolo pake panaima bambo wina wamtali. Anali a Reginald, mwini mabwato atatu ophera usipa.

"Fundi," anatero, ndipo sankaseka. "Nyali zanga zokopera usipa ndi za LED ngati zakozi, mabatire ake timatchajanso pa sola. Koma mwezi uno zikumazima ntchito ili pakati, anyamata akumabwerako chimanjamanja. Mafundi awiri alephera. Mawa mapemphero akatha, ubwere kudoko udzazione."

Amene anali pafupi anayang'anana. Kwa asodzi ambiri a kumeneko, mkazi sagwira nyali kapena khoka la panyanja. Amati akagwira, nsomba zimathawa.

Bambo ake a Ipyana, a Mwakanema, amene nawonso anali msodzi, anatulukira pakati pa anthu. Madzulo onsewo anali ataima kumbuyo.

"A Reginald, mwambo wa kudoko mukuudziwa."

"Ndikuudziwa, adada. Komanso tchalitchi ichi ndachiona."

Maso onse anatembenukira kwa Ipyana. Iye anaika kachikwama pansi, nagwada pamaso pa bambo ake.

"Adada, ndikufuna ndikazione nyalizo. Ndikupempha chilolezo."

A Mwakanema anakweza maso. Anayang'ana timababu ta padenga kuyambira ngodya ina mpaka ina, ngati akutiwerenga. Kenako anayang'ana asodzi anzawo amene anali ataima chapafupi, manja atapinda pachifuwa.

"Nyamuka. Tikakamba kunyumba."

Anawerama, natola kachikwama ka zida kaja n'kukakoleka paphewa pawo. Chiyambire anali asanakagwirepo. Ipyana anawatsatira pambuyo, magetsi ake akuwalabe kumsana kwake, osadziwa ngati bambo ake akumunyamulira zidazo kapena akumulanda.